Njoka Munandisiyira Ija

Kwa Mwambo,
Zomba.
20 Ogasiti, 1972.

Okondedwa bambo a Emma,

Choyamba ndikufunseni moyo, ndipo ulendo uno sindikufunsa chifukwa choti kalata imayamba choncho ayi. Muli bwanji kumeneko ku Joni? Mukudya? Mukuyenda ndi miyendo yanu? Kuno tilipo. Emma anadwala chimfine mwezi wathawu, koma wachira, pano akupirikitsa nkhuku za eni. Amayi akudandaula bondo lawo lomwe lija. Mpunga tinakolola bwino, mbalame chaka chino zinatichitira chisoni.

Mukaona zilembo zokwera ndi kutsika musadabwe. Kalatayi ndalemba ndekha ndi pensulo. Sindinapite kwa aphunzitsi kuti akandilembere monga ndimachitira nthawi zonse, chifukwa nkhani ili munoyi si yoti ndiziyankhula wina akumvetsera. Akuti makalata opita kunja amatsegulidwa panjira. Atsegule. Wotsegulayo akaupeza mutu wa nkhaniyi adzandiuzeko, chifukwa ine mwini wake sindikuupeza.

Ndi za njoka munandisiyira ija.

Inu mumati ndimaiwala msanga, ndiye ndiyambire kutali kuti muone kuti palibe chomwe ndaiwala. Nsato imeneyi munaitola ili kamwana mu udzu wautali wa kunyanja uja, m'njedza zikupsa, chaka chomwe nyanja inaphwa, muja munkanyamulira katundu azungu oyeza madzi aja. Munabwera nayo m'thumba la jekete, mano onse pamtunda ngati mwatola chuma. Ine ndinati mupinde mphasa yanu muzipita kwanu, pamudzi pa amayi anga sipakhala mkamwini woweta njoka. Inu munangoseka. Munaikhomera bokosi la mabowo, n'kulibisa kuseri kwa nkhuni m'khitchini, pofunda. Munaitcha Kapitawo, poti mukailowetsa m'nkhokwe makoswe onse amagwira ntchito yothawa.

Zaka zinayi takhala nayo popanda munthu wodziwa, mpaka yatalika kuposa inu. Anthu akapita kumunda munkaitulutsa kuseri kwa khitchini kuti iwothe dzuwa, inu mutakhala pambali mukucheza nayo. Ine ndinkati ndi ine simunachezepo nane motalika choncho. Munkati chifukwa chake Kapitawo sakudulani mawu.

Tsiku lomwe munkanyamuka kupita ku Wenela munandipatsa malamulo ngati a Mose. Khoswe wamoyo pa milungu iwiri iliyonse. Madzi m'mbale asaphwe. Bokosi lisachoke pofunda. Mwala usachoke pachivundikiro chifukwa cha mwana. Munthu asadziwe. Kenaka munasisita bokosilo n'kunena kuti moyo wanu mwausiya m'menemo, ndiusamale.

Bambo a Emma, munkaseka kapena munkanena zoona? Ndayesetsa kuikumbukira nkhope yanu ya tsiku limenelo. Tsiku lina ndimaiona ikumwetulira, tsiku lina ndimaiona ili gwa. Vuto lanu inu, nthabwala mumazinena ndi nkhope ya pamaliro.

Miyezi yoyamba ndinasunga malamulo onse. Wakwatiwa kwa mphenzi saopa kung'anima. Ine Rozi, mayi wa Mvano, wovala bulauzi yoyera Lachinayi, kumatchera makoswe mumtsuko ndi gaga, n'kumawanyamula pamchira akulira tswii tswii! Ndinkamuponya m'bokosi nditatsinzina, n'kuthawira panja kukalavula. Koma ndinkachita.

Tsopano ndiulule, ndipo muwerenge mpaka kumapeto musanakwiye.

Kalata yanu yomaliza inafika mu Febuluwale. Malichi ndinadikira. Epulo ndinadikira. Ndinkapita kusitolo komwe timalandirira makalata mpaka mwini sitolo anazolowera, ankayamba kupukusa mutu ndisanaponde n'komwe pakhonde. Amayi anzanga kuchitsime ankati amuna a ku Joni ndi choncho, akapeza wa milomo yofiira pensulo imathyoka. Ndinkawaseka, koma mawuwo ankandilowa.

Mkwiyo wanga unasowa pogwera, unagwera pa njoka. Ndinati ine ndizivutika ndi makoswe kuno, mwini wake akudya mabanzi ndi wina? Kumayambiriro kwa Meyi ndinalikoka bokosi kulichotsa m'khitchini, ndinakalisiya m'khola lakale la mbuzi lija, lopanda chitseko, loyang'ana kunyanja komwe kumachokera mphepo. Makoswe ndinasiya. Madzi ndinkathira ndikakumbukira, kudzera pabowo, osatsegula. Juni ndi Julayi, kuzizira konse kuja, inali komweko. Sindikubisirani, mumtima ndinkati ingofa basi, ndidzanena kuti inafa yokha.

Ndiye kumayambiriro kwa mwezi uno kunabwera a Gerishomo, a kutsidya kwa Likangala aja, amene anatsogola ku Joni chaka chimodzi inu musanapite. Anafika ndi sutikesi, chipewa ndi wailesi. Ndinapita kukawalonjera, ndipo ndinadikira kuti anthu ofuna maswiti achepe ndisanafunse za inu.

Anati iwo anali komboni ina, inu ina, simunkaonana. Koma tsiku lina atapita kuchipatala cha pamgodi kukamangitsa chala, anakuonani mutagona pabedi la pawindo, mukutsokomola, mutaonda mpaka anayamba akayika ngati ndinu. Akuti munakweza dzanja. Asanafike pomwe munalipo anawaitana kuti alowe kwa dokotala, ndipo potuluka anawatulutsira khomo lina. Ndinawafunsa ngati munachira. Anati sakudziwa. Ndinafunsa ngati chinali chifuwa wamba kapena chija cha fumbi la pansi. Anati sakudziwa, uku akupotokola wailesi yawo. Ndinafunsa mwezi. Anati Meyi, kumayambiriro.

Meyi kumayambiriro, bambo a Emma! Sabata lomwelo lomwe ndinakokera bokosi kumphepo.

Sindikudziwa m'mene ndinawolokera Likangala. Ndinangozindikira ndili m'khola, ndagubuduza mwala, ndatsegula chivundikiro, ine amene ndinali ndisanaiyang'anepo bwinobwino chifikire chake pakhomo pano.

Mayo ine! Inali itadzipinda pakona, yaonda, thupi lachita makwinya ngati la nkhalamba. Mawanga munkanyadira aja anali atazimirira, yangotuwa ngati yagona paphulusa. Lilime losatuluka. Koma maso, maso ndiwo anandithetsa mphamvu. Anali mbuu, ngati madzi otsukira mpunga. Ndinaikhudza ndi phesi, sinasunthe. Inangopuma kamodzi, fuuu, kupuma kwa munthu wa chifuwa.

Ndinakhala pansi m'khola momwemo n'kulira.

Musandiseke. Ine ndikudziwa kuti moyo wa munthu uli m'manja mwa Mulungu, si m'bokosi la matabwa. Katekisimu ndinakhoza. Koma tandiuzani, zinatheka bwanji kuti inu mugone m'chipatala sabata lomwelo? Ndikati zinangokumana, mtima ukukana. Ndikati ndi zoona, ndiye kuti amene anakugonekani pabedipo ndine, ndi manja angawa. Ndikati ndiseke, misozi ikubwera. Mutu wanga sunayambe wazungulirapo chotere.

Bokosi ndinalibweza pafupi ndi moto tsiku lomwelo. Ndinagwira khoswe wonenepa, ndinamuika, ulendo uno maso ali chitsegulire. Khosweyo anayendayenda, anakwera pamsana pa njoka, n'kukhala pomwepo akupukuta kumaso. Kapitawo wanu osamuyang'ana n'komwe. Ndinayesa mwanapiye. Ndinayesa dzira. Ndinasinja theka la asipilini n'kuthira m'madzi ake. Kenaka ndinaopa kuti mwina kwa njoka asipilini ndi poizoni, ndinataya madziwo. Kenaka ndinaganiza kuti nanga ngati amene mukumufuna ndinu, ndinasinjanso wina. Ndinaifunditsa jekete lanu lakale lija.

Popemphera ndinasowa mawu. Nanga njoka n'kuitchula pamaso pa Mulungu, m'mene inachitira m'munda muja? Ndinangoti Ambuye, chiritsani odwala onse, a miyendo ndi opanda miyendo.

Panali china chondisowetsa mtendere. Mwambo mukuudziwa. Mwamuna akadwala kwambiri mkazi sadwazika yekha, amatumiza uthenga kwa eni munthu, apo ayi zikavuta mlandu ndi wake. Kawiri konse ndinamanga chitenje kuti ndipite kwa apongozi ku Chisi. Koma ndikanene kuti chiyani? Kuti mwana wanu matenda akula, ndaonera maso a njoka? Ndinkabwerera panjira.

Patatha masiku anayi osasintha kanthu, ndinakumbukira a Jafali a ku Kachulu, amene ankayendetsa bwato la azungu aja inu mukunyamula mabotolo. Munandiuzapo kuti tsiku lomwe munaitola iwo anali pomwepo, ndiye ndinati kuwauza iwo si kuswa lamulo kwenikweni. Kunyamula kwake! Ndinapendeketsa bokosi, ndinaikankhira m'dengu ndi mpini wa khasu, ndinaphimba ndi jekete ndi chitenje, n'kumanga ndi luzi. Emma ndinamusiya kwa amayi, ndinati ndikukagula mchere. Njira yonse khosi langa linali gwa, ndikumva kuti pamutu panga pali chiyani.

Polowera ku Kachulu a Yufi anali atamanga chingwe chawo, akuona makadi a chipani. Yanga ndinali nayo pamfundo ya chitenje, ndinatula dengu n'kuonetsa. Ndiye mmodzi wamtali anafunsa kuti m'dengumo muli chiyani, popeza chitenje chikukwera n'kutsika. Chimene chinatuluka pakamwa panga n'chakuti muli milamba yamoyo.

Abale, anaseka mpaka wina anagwira chingwe kuti asagwe. Anati chibadwire sanaonepo munthu akubweretsa milamba ku Kachulu, anthu onse amachoka nayo. Anandifunsa ngati mawa ndibwera ndi madzi odzathira m'nyanja. Ndinati ndikukabweza kwa amene anandigulitsa, ndi yoonda. Apo ndiye anagwa nako kuseka. Anati mayi awa mutu sukuyenda bwino, asiyeni apite. Sindinayambe ndakondwapo chotero ponenedwa wamisala.

A Jafali ndinawapeza akusoka ukonde kuseri kwa thandala la matemba. Ananditengera kumbali. Atamasula dengu sanadzidzimuke, anangoti Kapitawo wakula, n'kuinyamula ndi manja awiri ngati akunyamula mwana wa mnansi. Anaiyang'ana m'maso, anaitsina pamsana. Kenaka anandiyang'ana ine n'kufunsa kuti inadya liti. Ndinawauza zoona. Anangopukusa mutu, ndipo bola akanandikalipira.

Anati maso oyerawo paokha si matenda. Njoka ikatsala pang'ono kufundula imatero, imatuwa, imakana kudya, imafuna kuisiya yokha. Ine zofundula ndimazidziwa, zikopa zake timazipeza m'munda, koma ndani anaionapo njoka isanavule? Ndinayamba kupuma. Ndiye anawonjezera kuti komatu iyi yafooka ndi njala ndi mphepo, ndipo yofooka nthawi zina imalephera kuvula, chikopa chakale chimaiumira pathupi mpaka kuipha. Anati ikhale pofunda, ndiziinyowetsa ndi madzi ofunda, osati otentha, ndiike mwala wokhakhala m'bokosi woti izidzikhulapo, ndipo za asipilini ndisiye.

Ndinalimba mtima n'kuwafunsa za mawu munanena aja. Anaseka pang'ono, anati moyo wa munthu mwini wake ndi Mulungu, Msilamu ndi Mkhristu apo sasiyana. Ndinati ndiye kuti zinali nthabwala. Anakanda ndevu, anati komatu Luka, kunena inuyo, ndi munthu wovuta kumudziwa, ndipo nyanja ino iwo aonamo zambiri zomwe sangathe kuzifotokoza. Kodi pamenepo anandiyankha? Ndinasenza dengu langa, ndinadzera njira ya m'minda kuopa a Yufi aja, ndipo mchere ndinaiwala kugula.

Ndinayamba kuithowa m'mawa uliwonse ndi kansalu, monga ndimathowera bondo la amayi. Tsiku loyamba kansaluko ndinakamanga kumpini, nditatalikira. Tsiku lachiwiri ndinagwiritsa dzanja. Pa lachitatu maso anabwerera kuda, ndinati yachira, koma khoswe inamukanabe ndipo chikopa sichinavuke. Pofika sabata ndinali ndikukhala pamphasa pafupi ndi mafuwa, theka la njoka lili pamiyendo panga, lofunditsidwa jekete lanu. Sindikudziwa kuti mantha anapita liti. Si yoterera ngati m'mene ndinkaganizira, ndi youma, yozizira, yolemera. Ndipo ndinkaiyankhula. Ndinkati bambo a Emma, limbani mtima, ndinalakwa ine, musandisiye ndi mwana.

Mawu amenewo ndi omwe anamva achemwali anga a Jenifa Lachiwiri lapitali, atabwera m'mamawa kudzapala moto. Chitseko ndinali nditaiwala kupiringidza. Anaima pakhomo, phale lili m'manja. Anaona jekete lanu, anaona mutu wa nsato ukutulukira pakhosi pa jeketelo, anamva ine ndikuitcha bambo a Emma.

Pakamwa pa achemwali mukupadziwa. Phale linagwa, iwo liwiro, akukuwa kuti Luka wabwera kuchokera ku Joni ali njoka! Dzuwa lisanafike pamutu nkhani inali itafika kusikimu ya mpunga, ndipo kumeneko inali itakula kale, akuti munali mutavalanso chipewa.

Madzulo ake anabwera malume a Enoki. Anakana kukhala pakhonde, anati mpando uikidwe kumalire kwa bwalo, ndipo mapazi anawakweza pamtanda wa mpandowo. Anthu anaima patali, ena ndi makasu, ena ndi mipini. Ankati n'chifukwa chake nkhokwe yathu imakhala yodzaza zawo zikutha, njokayo imakawa mpunga wa anthu. Ndinati siikawa, imangodya makoswe. Wina anati ndiye kuti makoswe othawa kwanu ndi amene akutimaliza ife, mlandu ndi womwewo. Akulu a mpingo anati ndiyambe ndaima ku Mgonero ndi ku Mvano mpaka nkhani iunikidwe.

Ndinagwada, ndinafotokoza zonse, kuyambira m'njedza mpaka kwa a Gerishomo. Ndinkaganiza kuti malume, poti ndi munthu wa Baibulo, anena kuti zonsezo n'zachabe, iphedwe. Mwina ndikanapepukidwa, munthu wina atandisankhira. Koma iwo anangozunguza chipewa pabondo. Kenaka anati iwo sakhulupirira kuti moyo wa munthu ungakhale mu njoka. Komano tikaipha lero, mawa n'kubwera telegalamu yochokera ku Joni, abale ake a Luka tidzawayankha chiyani? Adzati munamupha ndi makasu pakhomo panu. Anafunsa kuti ndani akufuna kuyamba kumenya, abwere kutsogolo timuone. Makasu onse anatsika pansi. Khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Ndiye chigamulo chawo chinali chakuti isaphedwe, komanso isakhale. Pofika Lamulungu ikhale itachoka pamudzi. Kopita iwo safuna kukudziwa. Ponyamuka anayenda akuyang'ana pansi mpaka kunjira.

Lachitatu palibe anabwera kudzapala moto kwathu. Kuchitsime amayi anzanga anasuntha ndowa zawo nditafika, omwe aja ankandiuza za milomo yofiira. Amayi anandikalipira tsiku lonse, akuti zaka zinayi akhala akudya mpunga wolonderedwa ndi njoka, ndipo ine mwana wawo ndimawayang'ana akudya osanena kanthu. Kenaka anafunsa motsitsa mawu, akuyang'ana kwina, kuti nanga lero yadyako? Mukuona, bambo a Emma, si ine ndekha amene mwandisokoneza.

Lachinayi, nthawi yomwe anzanga amapita ku Mvano, ndinamva khwee, khwee m'bokosi. Ndinatsegula. Inali ikukhula mlomo pamwala uja, ndipo chikopa chinali chitang'ambika pamphuno n'kupindikira kumbuyo. Ndinagwada pomwepo, mpweya ndaugwira. Inkatuluka pang'onopang'ono, ikupumira, ngati munthu wovula sokosi yothina. Itafika pakati inaima nthawi yaitali, ndinati basi yalephera. Ndinanyowetsa kansalu, ndinagwira chikopa chakalecho ndi zala ziwiri, osakoka, kungogwira, iyo n'kumadzikoka yokha. Inatuluka yonse mpaka kumchira.

Koma inu, kukongola kwake! Mawanga akuwala ngati yadzola mafuta, maso akuda bii, lilime likutuluka n'kulowa osapuma. Ndinaponya khoswe, sanafike n'komwe pakona. Ndinaimba nthungululu ndekha m'khitchini, ndinavina, ndinati amuna anga atuluka m'chipatala! Kenaka ndinadzimva zomwe ndikunena, ndinakhala pansi, manyazi n'kundigwira. Wandiuza ndani? Njoka yafundula monga zimafundulira njoka zonse, ndipo za inu sindikudziwabe kanthu.

Lachisanu ndinapitanso kwa a Jafali, ulendo uno chimanjamanja. Anati iwo sangaisunge, akazi awo angathawe. Kutauni kulibe woilandira, azungu aja anapita kale kwawo. Ndinati ndiibise kumunda, anati okolola bango aipeza, ndipo kumeneko kulibe malume oti atsitse makasu. Kunangotsala kwawo komwe inachokera.

Dzulo, Loweruka, anandidikira ndi bwato kumunsi kwa doko, kopanda anthu. Anakankha bwatolo ndi nsungwi m'tinjira ta m'njedza, kulowa mkati kwenikweni, mpaka tinafika pakamtunda kouma pomwe akuti munaitola.

Dengu ndinamasula ndekha. Sinafulumire. Inatulutsa mutu, inalawa mphepo ndi lilime, inadutsa paphazi langa, kulemera kwake ndikukumvabe mpaka pano. Kenaka inalowa m'madzi mwakachetechete, mutu uli pamwamba, njedza n'kutsekeka. Ndinaitana kuti Kapitawo, kamodzi kokha. A Jafali anayang'ana kumbali.

Pobwerera ndinawafunsa kuti nanga moto wa m'njedza wa mu Okutobala, nanga asodzi a zikwanje? Anati nsato zakhala m'menemo makolo athu asanabwere n'komwe kuchokera kum'mawa. Si zimene ndinkafunsa, ndipo iwo ankadziwa.

Ndiye ndi zimenezo. Malamulo munandisiyira aja ndawaswa, latsala la mwala lokha. Ndinaimana chakudya, ndinaiika pamphepo, mudzi wonse ukudziwa, ndipo tsopano kulibe. Kaya ndakupulumutsani ku makasu, kaya ndakutayani m'madzi, sindikudziwa. Ndikhululukireni. Lero sindinapite kutchalitchi, ndakhala ndi pensulo chiyambire m'mawa, ndaisongola kanayi.

Chomwe sindinachiyembekezere ndi ichi. Masiku onsewa ndikadzuka ndinkayamba ndatsegula bokosi kuti ndione m'mene mwadzukira. Zopusa, ndikudziwa. Koma ndinali ndi poyang'ana. Lero m'mawa miyendo yanditengeranso komweko, ndachotsa mwala, ndatsegula, ndapeza mbale ya madzi ndi jekete lanu basi. Ndakusowani, bambo a Emma, ndipo ndili ndi mantha.

M'kalatamu ndaikamo kachidutswa ka chikopa chake, ka kumutu, pali ndi timaso tomwe, kuti muone kuti inavula bwinobwino. Ndaikamonso pepala loyera ndi envulopu yolemba kale dzina langa. Ngati dzanja lilibe mphamvu, pemphani wa bedi loyandikana nanu alembe. Ngati muli naye wa milomo yofiira, alembe iyeyo, ndidzamuthokoza. Ngati mwakwiya chifukwa cha njoka yanu, nditukwaneni tsamba lonse ndi kuseri komwe, ndidzaliwerenga ndikuvina. Ndipo ngati mungathe, pansi pake mulembepo ngati tsiku lija munkaseka kapena ayi.

Ngati amene mukuwerenganu si a Luka Namakhwa, ndinu a kalaliki a pakomboni kapena munthu wina wachifundo, chonde musaitaye kalatayi. Lembani mawu awiri okha papepalalo, kuti alipo kapena kuti kulibe. Ine nditha kuwerenga ndekha.

Amayi akupereka moni. Malume anati ndikamalemba ndikupatseni moni, ndiponso ndikuuzeni kuti mukadzabwera mudzawete nkhunda. Achemwali a Jenifa sanandipatse moni woti nditumize, akuchitabe manyazi. Emma wajambula timizere tili pansipa, akuti ndi inu mwakwera basi. Mupereke moni kwa onse a kuno amene muli nawo kumeneko. Mulungu amene amaona pansi pa nthaka ndi pansi pa madzi akusungeni.

Bokosi sindinaliwaze nkhuni. Ndalisiya pofunda pomwe paja, mwala uli pamwamba. Kalata yanu ikabwera ndidzaisunga m'menemo.

Ndine mkazi wanu,
Rozi